Zigamba za ku Holland

"Taimani apa, NyaLongwe, muone nzeru za azungu," anatero a Mhone, mphunzitsi wopuma, akukokera mkazi wawo pachithunzi.

M'nyumba yoonetsera zaluso mu Mzuzu munabwera zithunzi za mmisiri wina wa ku Holland. NyaLongwe, telala wa ku Zolozolo, anayang'anitsitsa: mizere yakuda, timabokosi tofiira, tachikasu ndi tabuluu. Munalibe munthu ngakhale nkhuku.

"Si zigamba izi?"

"Zigamba! Izi n'zakuya chomene. Zimafuna munthu wasukulu."

"Yewo, adada," anangotero. Sanawakumbutse za katani yomwe iye anasoka ndi tizidutswa totsala. A Mhone anaichotsa pabalaza, amvekere alendo aziti m'nyumba mwalowa umphawi, n'kukaikoleka pakhomo la chimbudzi.

Potuluka a Mhone anagula kachithunzi kosindikiza n'kukakapachika pakhoma la pabalaza, ndipo Loweruka anaitana a Kamanga, mnzawo wophunzira kunja, kuti adzakaone. Atamwa tiyi, mlendoyo anapempha kuzungulira kuseri. Anabwerako mochedwa, akupukusa mutu.

"A Mhone, kapakhomaka n'kabwino ndithu. Koma chachikulu chija, chenichenicho, mwachipachikiranji kuchimbudzi?"