Chingerezi cha pa Chisa cha Njiwa

Padangokhala Khwangwala ndi Chinkhwe, mbalame zokulira padenga la sukulu. Onse awiri ankadziwa miyambi ya Chingerezi, ndipo ankakangana kuti katswiri ndani.

Tsiku lina mphepo idagwetsa chisa cha Njiwa, mazira onse phwa! Njiwa adalumbira kuti sadzamanganso chisa.

"Tiyeni tikamupepese, achimwene," adatero Khwangwala. "Wolankhula Chingerezi chambiri wapambana."

Khwangwala adayamba, kolala yake ili mbee, miyambi ikungoyoyoka. Njiwa sadatolepo kanthu. Adangoweramitsa mutu, manyazi kuonjezera pa chisoni.

Chinkhwe adaziona. Adatera pafupi naye, nakhala kaye chete monga tichitira pamaliro.

"Pepani, mayi," adatero motsitsa mawu. "Akuluwa sakukunyozani ayi. Akuti chosweka chasweka, koma inuyo mphamvu mukadali nazo. Eni chinenerochi amawanena mawu amenewa polimbikitsa mnzawo."

"Hoo, kani ndi zimene amanenazi?" adafunsa Njiwa akudzutsa mutu.

"Ndapambana!" adakuwa Khwangwala. "Chingerezi sanachitchule n'komwe!"

"Mwapambanadi, achimwene," adatero Chinkhwe, natola kamtengo kouma n'kukapereka kwa Njiwa.

Njiwa adakayang'ana kanthawi, kenaka adakalandira, nayamba kumanganso. Nthano yathera pachisa chatsopanocho.