Kambale ka Jim Manny

Foster anapukuta kambale ka galamafoniko ndi mpango woyera, nakagwira m'mbali mokha kuti chala chisakhudze mizere. Pampando wapafupi ndi khomo panali ankhazi a Elube, azakhali a Lusungu, amene anachokera ku Embangweni m'mawa womwewo kudzaona mwamuna wofuna kukwatira mwana wa mchimwene wawo. Lusungu anali atamuchenjeza kale kuti ankhazi akangopukusa mutu, nkhani ya malowolo ithera pomwepo.

Zinthu sizinali kuyenda. Ankhazi anafunsa za ng'ombe, Foster nayankha kuti kwawo ku Dedza amalima mbatata. Anafunsa za Chitumbuka, napeza kuti zaka zonse zimene wagwira ukalaliki pa kampani yocheka matabwa, Foster anatolapo "yewo" yekha, zikomo wa Chitumbuka. Kenako maso awo anayendayenda m'chipindamo. Munalibe sofa, munalibe kabati. Munali mashelefu a paini odzaza zimbale kuyambira pansi mpaka kudenga.

"Mbale zakudazi mumadyeramo, baba?" anafunsa ankhazi.

Foster anaseka kuposa muyeso. Apa m'pamene anaona kuti nthawi yotulutsa chida chake chachikulu yakwana.

M'boma lonse la Mzimba, Foster ankadziwerengera kuti ndiye yekha womva jazi. Akamva kuti ku Mzuzu kapena ku Lilongwe kukuimbidwa jazi, ankakwera basi, kukakhala kutsogolo penipeni, n'kumagwedeza mutu atatsinzina kuti anthu aone kuti iye akumva zimene ena sakumva. Koma ulemerero wake wonse unali pa kambale kakang'onoka. Anakapeza pa benchi ya Salimu mumsika, pakati pa maloko ndi mabatire, kalibe chikuto, pepala lake lapakati litadyedwa ndi chiswe. Tsiku limene anakaika pa galamafoni yake, thupi lonse linachita tsembwe. Munali liwu la mwamuna, lakuya, lolemera ndi chisoni, lokoka mawu ngati munthu wosenza mtolo pachitunda. Mawuwo sankamveka, koma Foster ankadziwa kuti akatswiri a jazi amaimba dala zopanda tanthauzo. Chomveka chinali chimodzi: woimbayo ankabwereza dzina lake, "Jiiim Maaani, Jiiim Maaani."

Jim Manny! Foster anamufufuza pa intaneti, osamupeza. Anafunsa woimba lipenga wina ku Lilongwe, iye nangokweza mapewa, ndipo Foster anamumvera chisoni chifukwa cha umbuli wake. Umboni unali utakwana: kambale kameneka kanali kokhako padziko lonse. Nyimboyo analoweza yonse. Ndi imene anamuimbira Lusungu tsiku lomufunsira, ndipo mtsikanayo anaseka mpaka misozi asanavomere. Foster sanaonepo munthu wokondwa chotero.

"Amama, mverani chuma cha nyumba ino," anatero, akutsitsa singano.

Galamafoni inathetheka pang'ono, kenako Jim Manny anayamba kubuula. Foster anaima pambali manja ali kumbuyo, akufotokoza motsitsa mawu. Uyu, anatero, ndi munthu wakuda wa ku Amereka, akulira kwawo kumene makolo ake anachotsedwa. Chogunda pansicho ndi gitala wamkulu woimika pansi. Cholira patalicho ndi lipenga.

Ankhazi anaweramira kutsogolo. Anatchera khutu. Nkhope imene inali youma chifikire inayamba kusungunuka. Anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo msozi unatsika patsaya. Lusungu, amene anakhala pambali pawo, anali atayang'ana pansi, akuluma mlomo.

Foster anamwetulira monyadira. Kodi si zimene wakhala akuuza anzake kuntchito, iwo n'kumamuseka? Jazi safuna sukulu. Jazi amalowa mumtima wa aliyense, ngakhale wa mayi wa ku Embangweni amene sanaonepo lipenga la ku Amereka. Chifukwa cha chimwemwe, nayenso analowa m'nyimbo, kuthandizana ndi Jim Manny ndi liwu la pansi pa mimba.

Itatha nyimbo, ankhazi anapukuta m'maso.

"Mumaikonda chomene nyimbo iyi, baba?"

"Ndimaiimba m'mawa uliwonse, amama. Tsiku langa siliyamba popanda iyo."

"Mbwenu ndavomera," anatero ankhazi. "Mwamuna woganiza zimenezi m'mawa uliwonse, pakhomo pake matenda safikapo. Ndikawauza adada ake a Lusungu kuti atumize mawu, anthu anu abwere."

Foster anagwada, nawomba m'manja, nanena "yewo" wake yekhayo mobwerezabwereza. Zoti jazi amachiritsa anali ataziwerengapo, koma sankayembekeza kuti ankhazi n'kuzidziwa. Mumtima anali atayamba kale kukonza zoti pa ukwati adzavine nyimbo yomweyi.

"Chimodzi chokha, ndapota," anatero ankhazi akudzuka. "Bwanji mukuizunza chonchi? Ikuyenda ngati ng'ombe yodwala. Malemu amuna anga anabwera nayo galamafoni yotere kuchokera ku Joni. Timbale ting'onoting'ono ankati akaika, amakankha apa."

Foster asanatambasule dzanja, chala cha ankhazi chinakankha kachitsulo kosinthira liwiro kamene iye sanakakhudzepo chigulire galamafoniyo, kuchoka pa 33 kupita pa 45. Anabwezera singano poyambira.

"Tinkaiimba tili kusukulu iyi, chaka chimene kunagwa matenda otsegula m'mimba," anatero, chiuno chitayamba kale kugwedezeka.

Jim Manny anafera pomwepo. M'malo mwake munatuluka liwu lakuthwa la mtsikana, banjo ikuthamanga, wenzulo akulira: "Jimani, jimani, jimani chimbuzi!"

"Kujima ndi kukumba," Lusungu anamunong'oneza. "Mawu enawo mukuwadziwa."