Mseru wa Anthu Awiri

"A Fatsani, chizungulire ndi mseru zandigwiranso!" anakuwa Peggy uku akuvina m'khitchini mwawo ku Tottenham. "Mwana takhala tikumudikira uja ndi ameneyu!"

Mwamuna wakeyo anamunyamula, akuseka mpaka misozi. Pompo anaimbira foni Etta, mkulu wake wa Peggy, nesi wa ku Edmonton.

"Alamu, konzekani kulera! Ndipo onani chikondi, inenso mutu ukuwawa, mseru womwewo."

Etta sanaseke. "Nonse awiri? Boyila ya gasi yotenthetsa m'nyumba ija ikuyaka?"

"Ikuyaka. Kabowo ka pakhoma kaja ndinakatseka ndi thaulo, kamalowetsa chisanu."

"Kamalowetsa mpweya woti gasi aziyaka bwino! Zimitsani, tsegulani mawindo, tulukani msanga!"

Kuchipatala dokotala anati apuma mpweya wakupha wosanunkha, mwayi athawa msanga, ndipo boyilayo asayatsenso mpaka katswiri wa gasi aione. Kenako anamwetulira.

"Komanso mayi, ndinu oyembekezeradi. Mwana tamuona, ali bwino."

Peggy anaimba nthungululu mpaka manesi anathamangira. Fatsani anasuntha chopumira okosijeni chimene anamuveka kukamwa.

"Nanga ine, adokotala?"

"Inu bambo ndi gasi basi."