Pulintala Yonama Msinkhu

Pulintala inakhosomola kawiri, kenako pepala linayamba kutuluka.

Injiniya anagwira pakamwa. Kwa milungu itatu kompyuta inkakana kumvana ndi pulintala imene iye ndi mlamu wake anapanga, ndipo mayi woyesa zipangizo anali atatseka kale cholembera kuti azipita.

"Mwasintha chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Nambala imodzi basi, mayi. M'pulogalamu yoyendetsa pulintalayi munalembedwa kuti ndi ya mtundu wachitatu, chonsecho ndi ya wachiwiri. Ndiye kompyuta imaithamangitsa kuposa msinkhu wake, iyo n'kumatsamwa."

Mlamu uja anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Alamu," anatero injiniya, "3 uja analemba ndani?"

"Ndimati ioneke yamakono. Nanga akazi anga, achemwali anu aja, si amakwanitsa zaka makumi atatu chaka chilichonse? Wawagwirapo ndani?"

Mayi woyesa anaseka mpaka kuvula magalasi. Anatola pepala lija likadali lofunda, naliyang'ana mzere ndi mzere, n'kutsegulanso cholembera.

"Iyi yavomera zaka zake, yakhoza," anatero akusaina, kenako n'kutembenukira kwa mlamu uja. "Koma akazi anuwo musabwere nawo kuno kudzayesedwa. Ntchito yanga ndimaifunabe."