Tsaya Lowala la Mariya

Mkulu uja anayambanso kuchukucha madzi m'kamwa, ndipo Telma anatseka kabuku kake mwaukali.

Linali tsiku lake lachitatu m'kanyumba kosungiramo zithunzi zakale zatchalitchi mumzinda wa Évora. Anachokera ku Lisbon ndi nkhani imodzi m'mutu. Mawa m'mawa mwini kampani yoperekeza alendo adzaima kumbuyo kwa gulu n'kumamumvetsera akufotokozera alendowo za chithunzi, pomuyesa ntchito. Alendo a kampaniyo anali osafuna phuma, aja otha ola lathunthu akuyang'ana chithunzi chimodzi. Telma akalankhula zogwira mtima, ntchito ndi yake. Akalephera, abwerera kukagulitsa matikiti a sitima, digiri ikuchita fumbi m'kabati.

Chithunzi anachisankha tsiku loyamba lomwe. Chinali cha Mariya akulira, chojambulidwa pathabwa zaka mazana asanu zapitazo ndi munthu amene dzina lake linaiwalika. Nkhopeyo inali yogawanika pakati. Tsaya limodzi linali lowala, msozi uliwonse ukuoneka pawokha. Linalo linali bii. Telma anali atadzaza masamba khumi ndi awiri: kuwalako ndi chiyembekezo, mdimawo ndi imfa ya mwana, ndipo mzere wotsika pamphuno ndi pamene mtima wa mayi unang'ambikira. Lero m'mawa anaona kuti kuwalako kwadutsako pang'ono pamphuno, kusiyana ndi dzulo. Analemba mosangalala kuti chithunzi chenicheni chimadziulula pang'onopang'ono kwa munthu wodekha.

Chomuwawa chinali anthu. Ankalowa ali thukuta kamukamu, n'kumufulatira Mariya kuti adzijambule naye pafoni. Wina anamata chingamu pabenchi, chinakakamira siketi ya Telma. Koma womunyansa kuposa onse anali mkuluyu. Jekete lothimbirira, ndevu zosasamalika, kachikwama kachikopa pamiyendo, botolo la madzi m'manja. Ankafika dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, n'kukhala phee, akuyang'ana nkhope yoyerayo ngati wogula nyama amene akusankha podula. Kenako kuchukucha, kumeza, lilime n'kumayenda m'mano.

Mayi Benvinda, olondera chipindacho, anayandikira mkuluyo ndi kapepala kamafuta.

"Bambo Custódio, kakeke ka tchizi aka, kakadali kotentha."

"Mukufuna mundilakwitse inu? Ndidya ikakwana thuu koloko."

"Mudzafa ndi njala, koma m'kamwa muli mwaukhondo," anaseka mayiwo, n'kuluma kakekeko okha.

Ukhondo wake uti, Telma anadzifunsa, akuyang'ana kumbali.

Belu lotsekera masana linalira. Masiku awiri apitawo Telma ankatuluka ndi anthu onse kukadya. Lero anatsalira pabenchi ya kuseri kwa chipilala. Ankafuna chipinda chopanda phokoso kuti ayeserere mawu ake pamaso pa Mariya. Chitseko chachikulu chinatsekedwa. Mapazi a Mayi Benvinda anazimiririka m'khonde.

Atasuzumira, mkulu uja anali atalumpha kale chingwe chotchinga chithunzicho.

Anatsegula kachikwama kaja. Anatulutsa kamtengo kowonda, nakulunga thonje kunsonga kwake. Kenako analowetsa thonjelo m'kamwa, n'kuligubuduza palilime mosafulumira. Linatuluka lili noninoni, kaulusi ka dovu kakulendewera. Anawerama, mpweya wake ukugunda thabwalo, nayamba kupaka malovuwo pambali pa mphuno ya Mariya.

Telma anaimirira kuseri kwa chipilala kuja. Mkuluyo anachotsa thonje lija, lomwe tsopano linali lakuda, naliponya m'kabotolo momwe munali tizinzake tambiri, tonyowa, tothinana. Anakulunga lina. Anatsegulanso kukamwa.

"Siyani!" Telma anakuwa. "Mayi Benvinda! Thamangani!"

Mayiwo anatulukira akutafuna, nyenyeswa zili pachibwano. "Iii, mwanawe, ukadali muno? Tinatseka kalekale."

"Akupaka malovu pachithunzi! Itanani apolisi!"

"Tsitsa mawu, uwanjenjemeretsa dzanja."

Telma anaona kuti kudikira mayiwa n'kutaya nthawi. Anafika pachingwe, kabuku kali m'manja.

"Bambo inu, manyazi mulibe? Munthu anakhala miyezi akuika kuwala patsaya limenelo. Kwapirira nkhondo, chinyezi, chivomezi, zaka mazana asanu. Ine ndalemba masamba khumi ndi awiri za kuwala kumeneko ndi mdima winawo, mawa ndikuima pano ndi alendo, ntchito yanga ili pamenepo. Inu n'kubwera ndi dovu lanu ngati mukumata sitampa!"

Bambo Custódio anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anayang'ana kabuku kaja, kenako Mayi Benvinda, amene anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Analoza tsaya lowala lija ndi kamtengo kake.

"Kuwala uku, mwana wanga? Amenewa ndi malovu anga a milungu itatu. Anandilemba ntchito yotsuka chithunzichi, ndipo palibe mankhwala ochotsa mwaye wa makandulo osapweteka utoto ngati malovu." Anagwedeza kabotolo kaja pafupi ndi nkhope ya Telma. "Mdima wakowo theka lake ndi ili. Wotsalawo ulowa momwemu mwezi usanathe."