Nyimbo ya m'Phanga Lachikhumi

"Anditsekera vidiyo yanga!" anakuwa mwamuna wina akumenya tebulo.

Inali vidiyo imene anaphamo chilombo cha m'phanga lachikhumi, mu gemu yakalekale ya pakompyuta yoyendayenda m'mapanga amdima kusaka makiyi. Anatha miyezi itatu akufa n'kuyambiranso, ndiye lero, ataiika pa intaneti, uthenga ukuti muli nyimbo ya eni ake.

"Nyimbo yake iti? Ya mu gemu ndinaizimitsa dala!"

Mkazi wake anali pambali akusita yunifolomu ya kwaya.

Mwamunayo anayatsanso vidiyoyo n'kutchera khutu. Kuseri kwa phokoso la malupanga kunkamveka mawu a mkazi wakeyo akuyimba kubafa nyimbo imene kwaya yawo inajambulitsa chaka chatha.

Anaseka mpaka misozi. "Mayi a mwana, makinawa ndi opusa. Akuti ndaba mawu anu, m'nyumba mwanga momwe!"

Analemba mwamatama dandaulo lopita kwa eni nyimboyo: "Woyimbayo ndi mkazi wanga. Ndinamukwatira dzuwa likuswa mtengo, mboni zilipo." Anatumiza n'kupinda manja.

Nthawi yomweyo foni ya mkaziyo inalira. Anaimika nsimbi, anawerenga mofatsa, kenako anadinadina ndi chala chimodzi n'kupitiriza kusita.

Yankho linafika pakompyuta: "Dandaulo lanu lakanidwa. Chifukwa: mpopi wa kubafa wakhala ukudontha miyezi itatu, ndipo ukumveka bwinobwino muvidiyomu. Ndine mlembi wa kwaya."

Mwamunayo anatembenuka pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa.

"Sipanala ili pansi pa sinki, bambo a mwana," anatero mkaziyo osadzutsa mutu. "Chilombo cha phanga limenelo sichiluma."