Chitsulo cha Pageti

Chitsulo chotchinga pageti sichinakwezedwe. Tanveer anaima pomwepo, bedi lonyamulira maliro a mayi ake likumudya paphewa. Manda a mudzi wawo, komwe anagona bambo ake, tsopano anali mkati mwa mpanda, kuseri kwa nyumba zatsopano za anthu olemera a ku Lahore.

"Amalume a Boota, tsegulani. Ndi Amayi awa."

Mlondayo, yemwe anali wa m'mudzi mwawo momwemo, anazyolika. "Mwana wanga, eni nyumba akuti maliro akumaopseza ana awo. Chitsulochi ndimakwezera galimoto zokha. Ndikakukwezera iwe, mawa ntchito indithera."

"Ndiye tikawataye mu ngalande?"

"Koma kuyang'ana kumbali sanandiletse," anatero a Boota, natembenukira kukhoma.

Tanveer ndi anzake atatu anagwada, natsitsa bedilo pansi, nayamba kulikhwekhwereza kunsi kwa chitsulocho. Nkhata ya maluwa inakodwa n'kuduka.

Pamalo pomwepa mayi ake ankawerama m'mawa uliwonse popita kukakolopa m'nyumba zimenezi. Tanveer anayandikitsa pakamwa pa nsalu yoyerayo.

"Weramaninso, Amayi," ananong'ona. "Ndi komaliza."